Achimwene a Nsimbi Zinayi

Dzina loti Achimwene analitola m'mawa wa tsiku limene anayamba ntchito yosita zovala pahotela, asanagwire n'komwe nsimbi. Anali mayi wa ana atatu, wamfupi, wamanyazi, wa manja aakulu ngati a munthu woumba njerwa. Ntchitoyo anawapezera ndi mlamu wawo, mlongo wa amuna awo, amene anali atakhalitsa pamalopo moti aliyense ankangomutcha Mlamu, ngakhale amene panalibe naye chibale.

Chipinda chochapira chinali pansi pa hotela, kuseri kwa khitchini, ndipo munkatentha moti amayi ogwira ntchito mmenemo ankavula mabulauzi n'kutsala ndi mapitikoti okha. Mayi watsopanoyo atafika anagogoda n'kunena kuti, "Odi muno!"

M'katimo munabuka chipwirikiti. Wina anagwetsa ndowa, wina anadzikulunga ndi nsalu yapabedi, wina n'kukuwa, "Dikirani kaye achimwene, tikuvala!"

Atatsegula chitseko anapeza pataima kamayi kovala diresi yamaluwa, katagwira chikwama ndi manja awiri.

"Nanga bambo amaodira uja wapita kuti?"

"Ndine," mayiyo anayankha, ndi liwu longa likuchokera pansi pa chitsime.

Amayiwo anaseka mpaka kukhala pansi pamulu wa matawulo. Kuyambira pomwepo dzina lenileni la mayiyo linafera pakhomo, n'kutsala loti Achimwene.

Liwulo anali nalo kuyambira ali mtsikana, ndipo silinawabweretsere chabwino chilichonse. Kusukulu anyamata ankawayerekeza. Kukwaya, mphunzitsi wa nyimbo anawamvetsera kamodzi kokha n'kuwapempha mwaulemu kuti azingoyendetsa milomo, mawu aziwasunga. Choncho anazolowera kulankhula pang'ono ndi kuimba mumtima. Munthu mmodzi yekha amene ankalikonda liwulo anali amuna awo, bambo wokonza mawotchi amene anali ndi katebulo pakhonde la sitolo ina. Bamboyu anali wowonda ndi kaliwu kakang'ono, moti mlendo akagogoda kunyumba kwawo iwo n'kuyankha, ankamva kuti, "Pepani mayi, abambo alipo?" Iwo sankakwiya. Ankati m'banja mukufunika liwu limodzi lalikulu ndi limodzi laling'ono, ndipo kuti wanyamula liti ndi ndani zilibe ntchito.

Mochapira muja munali amayi anayi. Kuwonjezera pa Achimwene ndi Mlamu, munali Kasingano, mtsikana wowonda amene liwu lake linkalasa m'khutu ngati singano, ndi Mayi Batani, amene ankasoka mabatani othothoka ndipo ankaseka ngakhale nkhani isanafike poseketsa. Mlamu ndi awiriwa ankaimba tsiku lonse. Nsalu yapabedi imafuna anthu awiri poipinda, ndipo nyimbo inkawathandiza kukoka ndi kukutumula nthawi imodzi. Mlamu ndiye ankapeka nyimbozo, za alendo aumve, za kapitawo wawo, za chilichonse chimene chadutsa pamaso pake. Achimwene anatha zaka ziwiri akusita makolala pakona, osatulutsa ngakhale kaliwu.

Tsiku lina Mayi Batani akupisa m'matumba a jekete ya mlendo asanaichape, anapezamo kalata yonunkhira mafuta okongoletsa, yoyamba ndi mawu oti "Wokondedwa wanga". Anaibweza mwamsanga, koma Mlamu anali ataigwira kale nyimbo. Anayamba ngati mkazi amene wapeza kalata m'thumba la mwamuna wake: yachokera kuti, walemba ndani, bwanji ikununkhira chonchi? Kasingano anakwera pamwamba, Mayi Batani analowa pakati. Koma funso lililonse linkagwera pachabe, chifukwa panalibe woyankha.

"Nyimboyi ikufuna mwamuna wabodza," anatero Mlamu, n'kufunsanso moimba, "Kalata iyi ndi yandani?"

Achimwene sanadziwe chimene chinawagwira. Maso ali pa kolala, nsimbi ili m'manja, anangomva kukamwa kwawo kukutseguka.

"Si yanga. Si yanga, mayi, si yanga."

Mabotolo a sitachi anali pashelefu ananjenjemera. Anzawo atatu anaima chilili. Kenako Mlamu anaponya pansi pilo amene anali m'manja.

"Alamu! Zaka ziwiri zonsezi mwakhala mukutibisira chiyani? Bwerezani!"

Anabwereza mlungu wonse. Chimene sankadziwa n'chakuti m'khoma munali chipaipi chachikulu choponyeramo zovala zakuda kuchokera m'zipinda zam'mwamba, ndipo chipaipicho chinkakweza nyimbo yawo mpaka pansanja yachiwiri. Kumeneko kunkagona mlendo wina amene anali ndi situdiyo yojambulira nyimbo, munthu wosavula tayi ngakhale kutenthe bwanji. Lachisanu m'mawa anatsika masitepe, nadutsa m'khitchini, n'kulowa mu nthunzi ya mochapira akupukuta magalasi.

"Ndikufuna gulu limene limaimba muno," anatero Bambo Tayi. "Amayi atatu ndawaona. Mwamunayo ali kuti?"

Mayi Batani anaseka mpaka kudzibaya ndi singano.

Anakajambula Lolemba, tsiku lawo lopuma. Situdiyo inali kachipinda pamwamba pa sitolo yogulitsa mawailesi, makoma ake atamatidwa matireyi a mazira, pakati pataima maikolofoni imodzi yokha. Vuto loyamba linali Achimwene: akangotsegula pakamwa, kamuvi ka makina kankathamangira kofiira n'kukakamira komweko. Bambo Tayi anawasunthira m'mbuyo, anawasunthiranso, mpaka anakaima pafupi ndi chitseko. Kasingano anauzidwa kuti aziimba atayang'ana kukhoma. Vuto lachiwiri linali lalikulu. Nyali yofiira ikayaka, amayiwo ankaima ngati asilikali, manja ali lende, ndipo nyimbo inkabalalika. Wina ankathamanga, wina ankatsalira. Anayesa kakhumi, Bambo Tayi mpaka anamasula tayi.

"Bwana," Achimwene analankhula koyamba tsiku limenelo, "ife sitinaimbepo manja ali chabe. Mulibe kansalu?"

Anachotsa katani yapawindo. Mlamu anagwira uku, Mayi Batani uko, n'kuyamba kupinda ndi kukutumula monga amachitira kuntchito, ndipo nyimbo inakhala m'malo mwake nthawi yomweyo. Aliyense amene anamvapo chimbale cha "Kalata M'thumba" amakumbukira kaphokoso koti phu! phu! kamene kamagwa pakati pa mawu. Oimba ng'oma ambiri anavutika kukatsanzira. Inali katani yafumbi, ndipo Kasingano anayetsemula nyimbo itangotha.

Dzina la gulu anapereka ndi Mayi Batani akutsika masitepe: Nsimbi Zinayi. Chimbale chinatuluka m'kapepala koyera kopanda chithunzi, chifukwa Bambo Tayi sankayembekezera zambiri.

Masiku amenewo wailesi inali ndi pulogalamu ya nyimbo khumi zokondedwa kwambiri, Loweruka lililonse nthawi ya 3 koloko masana. Omvera ankatumiza makalata osankha nyimbo, ndipo muulutsi ankayamba ndi yakhumi kukwera mpaka yoyamba. Mkulu wa ophika anali ndi kawailesi pamwamba pa firiji, ndipo Loweruka lina anatsegula chitseko cha mochapira akukuwa, mpeni uli m'manja, "Tulukani, muli pawailesi!"

Anali pa nambala naini. Mlungu wotsatira anafika pa sikisi, kenako pa folo. Pa nambala thu anakhalapo milungu iwiri, atatsekeredwa ndi gulu lina la anyamata a magitala, ndipo Mlamu anawatukwana anyamatawo mayina onse amene ankadziwa ngakhale anali asanawaonepo. Loweruka lachisanu ndi chimodzi m'khitchini munadzaza: ophika, operekera zakudya, okolopa, ngakhale kapitawo amene ankanamizira kufufuza matawulo. Muulutsi atatchula anyamata a magitala pa nambala thu, palibe amene anamva mawu otsatira. Ophika ankamenya mapoto ndi zipande, Kasingano ankalira, Mlamu anakwera pampando. Achimwene anabwerera mwakachetechete mochapira chifukwa anakumbukira kuti asiya nsimbi pa malaya a mlendo. Anapeza pamsana pa malayawo pali chizindikiro chabulauni, ndipo anaima pamenepo akuseka okha, misozi ikutsika.

Nyimboyo inakhala pamwamba milungu isanu ndi iwiri. Mawu oti "si yanga" analowa m'tauni monse. Mwana akamupeza ndi shuga kukamwa, ankakulitsa liwu n'kuti "si yanga". Kondakitala akafunsa mwini katundu wotsekereza njira m'basi, basi yonse inkayankha pamodzi. Amuna ena anasiya kupereka majekete kwa akazi awo asanapise okha m'matumba.

Kenako kunayamba kubwera makalata, ndipo ambiri anali opita kwa "bambo wa liwu lalikulu wa Nsimbi Zinayi". Ena ankamudzudzula chifukwa chonamiza mkazi wake. Koma ochuluka anali a amayi ofuna kudziwa ngati bamboyo ali pabanja. Bambo Tayi ankawabweretsa m'katoni, ndipo Lamlungu masana amuna awo a Achimwene ankavala kagalasi kawo kokonzera mawotchi n'kumawawerenga mokweza pakhonde.

"Tamverani iyi, mayi. 'Ndine mphunzitsi, wamasiye, ndili ndi nyumba yanga ndi makina osokera. Liwu lanu likamveka ndimasiya choko.' Ha! Ine zaka zonsezi ndili ndi mawotchi, palibe anandilemberapo zotere. Ndimuyankhe kuti chiyani mkazi mnzangayu?"

"Musiyeni mwana wa eni," Achimwene ankayankha, nkhope ataibisa m'manja.

Makalatawo ndi amene anamupatsa Bambo Tayi nzeru yolakwika. Anakonza zoti gululo likaonekere koyamba pamaso pa anthu mu holo yaikulu ya m'tauni, ndipo anabwera mochapira ndi maganizo ake. Anthu, iye anati, akufuna mwamuna, ndiye apatsidwe mwamuna. Pakhomo la hotela pankaima bambo wina wamtali, wa ndevu zometa bwino, wotsegulira alendo chitseko. Ameneyo avale suti, aime kutsogolo aziyendetsa milomo, Achimwene aziimba kuseri kwa katani.

Mlamu anafuna kumuthira Bambo Tayi madzi a sopo. Koma Achimwene anavomera msanga, ndipo kunena zoona mtima wawo unapepuka. Kuimba m'kachipinda ka matireyi a mazira kunali kwina, kuima pamaso pa anthu mazana kuti akuseke kunali kwinanso. Anayeserera katatu. Bambo wapakhomoyo anali munthu wabwino koma nyimbo inkamudutsa kutali: ankatsegula pakamwa mawu atatha kale, n'kutsala ali kukamwa yasa ngati nsomba. Achimwene ankamuonera pakampata ka katani, ndipo tsiku lachitatu anadabwa kupeza kuti zikuwapweteka. Mawuwo anali awo. Anawatulutsa okha, ndi nsimbi m'manja.

Kunyumba sananene kanthu, koma amuna awo anali atamva kale kwa mlongo wawo. Madzulo akumwa tiyi anatulutsa tikiti m'thumba la malaya n'kuiika patebulo.

"Mpando wakutsogolo," anatero. "Ndatseka ntchito tsiku lonse chifukwa cha imeneyi. Ndiye mundiuze, mayi: ndikavale jekete, ndikapolishe nsapato, kuti ndikaone bambo wapakhomo uja? Ameneyo ndimamuona ulere tsiku lililonse ndikamadutsa."

"Akandiseka, bambo."

"Akaseka, inde. Ndi nyimbo yoseketsa. Inu mukufuna akalire?"

Chionetserocho chinali Lamlungu masana, ndipo holo inadzaza mpaka m'mawindo. Bambo wapakhomo anali atavala kale suti pamene Achimwene anamugwira mkono n'kumuuza kuti akakhale pansi apumule. Munthuyo anathokoza ndi mtima wonse, thukuta lili kamukamu. Bambo Tayi asanatsegule pakamwa, amayi anayi ovala madiresi obiriwira ofanana anali atatuluka kale, nsalu yapabedi ili m'manja.

"Mwamuna ali kuti?" wina anakuwa kumbuyo. Ena anayamba kuimba malikhweru. "Tikufuna wabodza uja!"

Achimwene anayang'ana kutsogolo n'kuona amuna awo atakhala mowongoka, chipewa chili pamwendo. Mlamu anayamba, nsalu inalira phu! phu! ndipo funso linafika: kalata iyi ndi yandani?

Kamayi kakafupi kakumapeto kanaponda sitepe imodzi kutsogolo, kanaika manja kumbuyo ngati mwamuna wogwidwa, n'kuyang'ana kudenga.

"Si yanga."

Mu holo munaphulika chiphokoso chimene anthu a m'sitolo zapafupi anatuluka kudzaona. Amayi anaimirira pamipando, amuna ankamenyana pamapewa, ndipo oimbawo anachita kuyambiranso chifukwa sankamvana okha. Anaibwereza kanayi tsiku limenelo. Anthu ankaseka, koma Achimwene anazindikira kuti kuseka kumeneku n'kosiyana ndi kwa kusukulu kuja: akangokweza dzanja, holo yonse inkakhala chete kudikira liwu lawo.

Atatha, kuseri kwa nsanja kunabwera mayi wina wovala magalasi, atanyamula keke yokulunga bwino.

"Ndine mphunzitsi uja wa makina osokera," anatero. "Kekeyi ndinaphikira mwamuna. Koma poti ndanyamula kale, landirani."

Anaseka onse awiri mpaka kugwirana, ndipo mphunzitsiyo ndi amene anasoka madiresi a gululo zaka zonse zotsatira.

Nsimbi Zinayi zinajambula zimbale zisanu ndi zinayi pa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo kuyambira chachiwiri chithunzi chawo chinkakhala pachikuto. Nyimbo zitatu zinafika pa nambala wani: "Kalata M'thumba", kenako "Apongozi Abwera ndi Sutikesi", kenako nyimbo yofatsa yotonthoza mwana imene Achimwene anatsogolera okha, yomwe anamwino ankati imagonetsa wodi yonse ya ana. Zina zinkafika pa faifi, pa seveni, n'kutsika. Chimbale chachisanu ndiye chinagwa chagada. Bambo Tayi anaumirira kuikamo malipenga ndi magitala kuti zimveke zamakono, ndipo amayiwo ankamveka ngati akukuwa kutsidya kwa msewu wodutsa malole. Sichinalowe n'komwe pa khumi paja. Mlamu sanamulankhule Bambo Tayi miyezi itatu, ndipo chimbale chotsatira anabwerera ku mawu anayi ndi nsalu imodzi.

Ntchito yapahotela anaisiya kwa zaka zinayi zokha, pamene ankayenda m'matauni pa basi yaing'ono yobwereka. Achimwene sankakonda maulendowo. Ankadwala m'galimoto, ankadera nkhawa ana, ndipo kulikonse kumene agona ankayamba wayendera nsalu zapabedi n'kumadandaula kuti wosita wake sadziwa makona. Kangapo anapezeka mochapira mwa eni ake akuphunzitsa anthu kupinda.

Gululo silinathe ndi ndewu, ngakhale ankakangana pafupifupi tsiku lililonse za mtundu wa madiresi ndi za amene walowa mochedwa. Kasingano anakwatiwa ndi woyendetsa sitima n'kusamukira kutali. Anayesa atsikana awiri m'malo mwake, koma onse ankaimba bwino kwambiri moti sizinkalasa. Wailesi nayo inadzaza ndi nyimbo za makina. Chimbale chomaliza chinafika pa nambala eyiti, chinakhalapo mlungu umodzi, n'kutsika mwaulemu. Achimwene anatsegula kashopu kositira zovala pakhonde lomwe lija la amuna awo, tebulo la nsimbi uku, la mawotchi uko, ndipo anakhala moyandikana choncho zaka makumi awiri, akukangana za amene watchinga kuwala kwa mnzake. Mayi Batani anamwalira m'zaka zimenezo, atadwala pang'ono. Pamaliro pake atatu otsalawo analephera kuimba, chifukwa pakati pa nyimbo panali bowo limene aliyense ankalimva.

Chaka chatha Bambo Tayi, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anatseka situdiyo yake. Akusesa m'makabati anapeza tepi yopanda dzina, ndipo ataimvetsera anakwera takisi mpaka pakhonde la mawotchi. Anaitanitsa Mlamu. Kasingano, amene tsopano ndi agogo onenepa a zidzukulu zisanu ndi chimodzi, anabwera pa sitima. Anakhala m'chipinda chochezera cha Achimwene, makina akale ali patebulo.

Inali nyimbo imene onse anali ataiiwala, yonena za mkazi amene akuphunzira kupalasa njinga ya mwamuna wake mobisa. Anaijambula tsiku lina atatopa n'kuisiya chifukwa Mayi Batani anaphulika kuseka pakati pa ndime yachiwiri. Kusekako kunali pomwepo pa tepi, kwathunthu, mpaka kutsamwa, kenako liwu lake likuti, "Pepani bwana, ndaganiza za njingayo." Agogo atatuwo anaimvetsera kasanu. Analira pang'ono, koma anaseka kwambiri.

Mdzukulu wa Bambo Tayi anaitumiza kuwailesi mmene inalili, osachotsa kusekako. Pulogalamu ya nyimbo khumi ilipobe, ngakhale masiku ano anthu amasankha pafoni, ndipo Loweruka lina Nsimbi Zinayi zinamveka pa nambala teni, pakati pa anyamata awiri oimba mothamanga amene Achimwene sanamve ngakhale liwu limodzi la zimene ankanena. Inakhalapo milungu iwiri. Makasitomala a kushopu anayamba kubwera ndi malaya osafunika n'komwe kusita, kuti angowaona.

Mlamu tsopano sagona tulo. Akuti ali ndi nyimbo yatsopano, ya nkhalamba imene yagula foni koma ikuopa kuigwira, ndipo wauza kale Kasingano kuti asabwerere msanga kwawo. Amabwera kushopu m'mawa uliwonse ndi kope lake, n'kukhala pampando wa makasitomala.

"Alamu, Lolemba tikayesere. Mawu anu ndalemba kale, ndi ochepa."

"Lolemba ayi," Achimwene anamuyankha ulendo wathawu, akuwaza madzi pa buluku la mwini wake. "Adokotala akuti mano anga atsopano afika Lachinayi. Mukufuna ndikaimbe ngati ndikuuzira moto? Dikirani afike, ndiwayese kaye pa buledi, kenako tione."

Mlamu analemba m'kope mwake kuti Lachisanu.